Mitondo Pansi pa Ngolo ya Mvuu

Ndagi! Woonda amamira, wonenepa amayandama, koma madzi palibe. N'chiyani? Mwalephera? Khalani pansi, yankho likubwera pa ngolo.

Kalekale, malole asanayambe kudzatapa mchenga womangira nyumba za m'tauni, mtsinje wathu uno unali ndi gombe loyera mbee, lofewa ngati ufa wosefa. Pansi pa mchengawo pankakhala Nkhanu ndi ana ake, m'kanyumba kokumba yekha, kozizira bwino ngakhale dzuwa liswe mtengo.

Kumtunda kunali madimba a tinyama ting'onoting'ono. Kumunsi kunali dziwe lakuya. Ndiye kunalinso Mvuu, amene nthawi imeneyo ankagona pamtunda. Mvuu sankalima, koma ankakolola. Chaka china anatola ngolo ya magudumu achitsulo, opyapyala ngati chivundikiro cha poto, nayamba kututa maungu a eni ake. Njira yake inkadutsa pamwamba penipeni pa nyumba ya Nkhanu.

Akakoka, magudumu n'kutitimira. Akakokanso, n'kutitimirabe, kucheka mchenga ngati mpeni. Pansipo denga la Nkhanu linangoti gumu! Nkhanu anafukula ana ake mmodzimmodzi, akutsokomola mchenga. Mawa lake, gumu! Mkuja, gumu! Kamwana kotsiriza anakapeza katathyoka mwendo.

Nkhanu anatuluka, naima patsogolo pa ngolo.

“Pepani a Mvuu, ngolo yanuyi ikundithera ana.”

“Akuyankhula ndani? Ooo, ndiwe, kamaso-pamtengo! Samuka. Ine thukuta lili kamukamu, iwe ukundiuza za ana?”

“Thukutalo ndi limene likundimvetsa chisoni, bwana. Munthu wamkulu ngati inu kumalimbana ndi mchenga? Taonani mapazi a Bakha. Munamuonapo atatitimira?”

Mvuu anaima, nakanda mimba. “Tanena msanga.”

Kudzala la mudzi kunali mitondo iwiri yakale, yobooka kunsi, imene amayi anataya. Nkhanu anauza Mvuu kuti akaitole pamodzi ndi munsi wake. Mvuu anachotsa magudumu achitsulo aja, nagoneka mitondo cham'mbali, wina uku wina uku, munsi n'kulowa pakati. Nkhanu anamanga ndi luzi, napaka nsatsi zosinja kuti pazitereka.

Mvuu atakoka, ngolo inangoti gubudu gubudu, pamwamba pa mchenga ngati bwato. Pansi denga silinagwedezeke n'komwe. Mtima wa Nkhanu unakhala pansi.

Koma Mvuu anaseka, mano onse pamtunda.

“Yapepuka chonchi? Basi, ndizisenza madimba onse! M'mawa, masana, madzulo, ndizidutsa pompano. Ndiitananso alamu anga a Chipembere tizithandizana.”

Nkhanu anaganiza msanga. Mitondo sicheka mchenga, inde, koma mapazi a Mvuu ndi Chipembere tsiku lonse? Palibe denga lingapirire. Anayang'ana kumtunda, anayang'ana kudziwe, natembenuza timaso take.

“Mwaganiza bwino, bwana. Koma a Chipembere akakuonani mukukoka nokha ngati bulu, adzati chiyani? Ngolo ya mitondo sakoka. Mwini wake amakwera pamwamba, iyo n'kumayenda yokha.”

“Yokha?”

“Yokha. Ingofunika kuyambira pachitunda icho, ndiponso idzaze kwambiri. Ikalemera m'pamene imamva.”

Mawu akuti “idzaze” anamukomera Mvuu ngati uchi. Anakokera ngolo pachitunda choyang'ana kudziwe. Anasanja maungu, anasanja maungu, mpaka mulu kuposa chulu. Anakwera pamwamba, nakhala mwendo pamwendo. Nkhanu anapita kunsi, nakumba mwam'mbali kamchenga kamene kanatsekereza mtondo.

Gubudu. Gubudu gubudu. Gubudugubudugubudu!

“Iwe kamaso-pamtengo! Imaima bwanji?”

“Zoimitsa simunafunse, bwana!”

“Mayi Nkhanu! Achemwali anga! Ndikhotere kuti?”

Chubwi!

Maungu anayandama mtsinje wonse, chikasu chokhachokha, ndipo eni madimba anangoima m'mphepete n'kumavuula, aliyense lake. Mvuu anatulutsa maso ndi makutu okha, naona gombe lonse likugubuduka ndi phwete. Anamiranso. Mpaka lero manyazi sanamuthere: usana amabisala m'madzi, akatuluka amayenda wapansi, ndipo ukatchula ngolo amafwenthera.

Madzulo ake Nkhanu anakonza denga, ana ake nagona tulo tofa nato, kothyoka mwendo kaja kali pakati.

Mwaliona yankho? Ndi gudumu pamchenga: loonda limamira, lonenepa limayandama. Ndipo wadyera ukamupeputsira katundu amawonjezera wina, choncho mupeputsire ndithu, njira iloze kudziwe. Nthano yagubuduka mpaka yaima pano, kaphuleni mbatata isapserere.

Iwe Mwandida, anzako onse akuseka, bwanji iwe wangoti ndwii?

“Achemwali, nanga poti mchenga wonse anatapa a malole aja, ana a Nkhanu akugona kuti?”