Katundu wa Lufeyo Panja

Kalekale, ana inu, kusanabwere manyuzipepala ndawaona lero kudepoti aja, anthu akuwerenga zilembo zikuluzikulu zokha n'kumapita akupukusa mitu, kwathu nkhani zinkayenda ndi Khwangwala.

Khwangwala ankatera pamtengo n'kufuula mutu wa nkhani. Anthu akasonkhana n'kumuponyera chimanga, m'pamene ankafotokoza zonse. Mutu ukaopsa, chimanga chinkachuluka. Khwangwala anazidziwa zimenezo.

Panali mkamwini wina, dzina lake Lufeyo. Anasiya mkazi wake Nambewe kumudzi, napita kukagwira ntchito kuminda ya tiyi, kutali. Atatsala pang'ono kubwerera, anamugulira chitenje chofiira.

Tsiku lina Khwangwala anatera pabulugama, pafupi ndi pomwe Lufeyo ankathyola tiyi.

"Nambewe watulutsa katundu wa mwamuna wake! Mphasa panja, mpando panja, nkhwangwa panja!"

Mukudziwa, kwathu mkamwini akapeza katundu wake panja safunsa. Banja latha.

"Dikirani achimwene, mumve zonse," anatero mnzake.

"Ndimvenso chiyani? Ndiponye chimanga kuti mundiseke bwino?"

Lufeyo anachokapo. Chitenje chija anachibisa pansi pa thumba. Ndi manyazi, anasamukira kumunda wina, kumene sankamudziwa.

Mvula inagwa, inaleka. Inagwa, inaleka. Lufeyo ankakumbukira Nambewe akuimba pamtondo, koma osapita. Ankakumbukira fungo la dothi la kumudzi, koma osapita.

Imvi zitamera, mtima unamukoka. Anafika napeza mng'ono wake wa Nambewe akutongola chimanga pakhonde.

"Alamu, ndinu kodi? Mwachedwatu. Akazi anu tinawaika chaka chatha."

"Suja anandithamangitsa?"

"Kukuthamangitsani? Tsiku lija ankazira nyumba. Anamva kuti mukubwera, anakakumba dothi lakuda kudambo, natulutsa zonse kuti pansi paume. Madzulo anabwezeretsa. Tinatuma anthu, sanakupezeni. Chaka ndi chaka ankazira, amvekere mwina abwera. Lowani muone."

Lufeyo analowa. Mpando wake uli pomwepo. Nkhwangwa yake ili pomwepo. Pansi posalala, pakuoneka zala za Nambewe.

Potuluka anaona Khwangwala padenga, nayenso atakalamba.

"Iwe, unandiphera banja."

"Ndinanama ine? Katundu analidi panja. Zotsalazo ndinanena, inu mutachoka."

Lufeyo anamasula thumba, napita kumanda, nayala chitenje chofiira chija pamtumbira. Chinali chikadali chatsopano.

Ana inu, mutu wa nkhani ndi khomo chabe. Woima pakhomo sadziwa zam'nyumba. Ndipo wofuula pamtengo amafuna chimanga chake, za banja lako alibe nazo ntchito.

Nthano yanga yathera pamenepa. Wina mwa inu ailembe, ine maso afooka. Koma ailembe yonse, osati mutu wokha.