Batani Lofikika ndi Chala Chimodzi

Mayi wina wa kumpingo kwathu anandifunsapo kuti, "Kodi amene amapanga za m'mafonizi amatidziwa ife?" Ndinamuyankha ndi fanizo ili.

Panali munthu wina wodziwa za makompyuta. Anapatsidwa ntchito yopanga pulogalamu ya pafoni yoti amayi aziitanira mlangizi wa zaumoyo mwana akadwala. Batani loitanira analiika pamwamba pakona, laling'ono ngati nyemba, kuti lisabise chithunzi chokongola chimene anachiika pakati. Anzake a kuofesi anamuyamikira, poti onse ankayesa atakhala pampando, manja awiri ali pafoni.

Anapita nayo kumudzi kukaonetsa mlongo wake wamkulu, amene anali ndi mwana wodwala mphumu. Mlongoyo anati yakongoladi. Akucheza choncho kunayamba kuwaza mvula, ufa uli poyanika.

"Tandigwirirani uyu, achimwene," anatero, nathamangira ufawo.

Mwanayo anayamba kutsokomola, kenaka kubanika. Munthu uja anamukumbatira ndi dzanja limodzi, linalo natulutsa foni. Chala chachikulu chinatambasuka mpaka kuwawa, koma batani osalifikira. Atayesanso, foni inapulumuka n'kugwera pamphasa. Mwamwayi chifuwacho chinadutsa chokha. Pamene mlongo wake amabwerera, mwana anali akuseweretsa kolala ya amalume ake.

Munthuyo atabwerera kutauni anachotsa chithunzi chija. Batani analikulitsa n'kulitsitsira m'munsi, pomwe chala chimapumira chokha. Anzake anadandaula kuti waiwononga, tsopano ikuoneka ngati chikwangwani cha kuchigayo. Iye anangowapempha kuti aliyense ayesenso atanyamula thumba la shuga kudzanja limodzi.

Ulendo wotsatira anaiika m'foni ya mlongo wake mwakachetechete. Mayiyo, mwana ali kubere, anadina kamodzi kokha, mlangizi nayankha. Anamupepesa kuti amangoyesa.

"Mwaisinthatu, achimwene," anatero mayiyo.

"Pang'ono chabe, achemwali. Pajatu inu munkandinyamula ndi dzanja limodzi, linalo mukukolezera moto."

Mlongoyo anaseka, napitiriza kuyamwitsa.

Ndiye mayi, alipo ena amene amatidziwa. Inunso mukamakonzera mnzanu chinthu, kaya ndi cha pafoni kaya chogwirira cha chitseko, muyambe mwanyamulako chimene iye amanyamula. Mudzadziwa nokha poika batani.