Nyumba Yopanda Ubweya

Lorna Haugen ankagwira ntchito yogulitsa nyumba mumzinda wa Duluth, ndipo yake yomwe ankaisamala ngati mawa kubwera wogula. Pampando pasapezeke nyenyeswa, pakhomo pasaoneke nsapato. Mayi ake atamwalira, bambo ake, a Orval, anasamukira kwa iye, ndipo anabwera ndi vuto la miyendo inayi. Dzina lake anali Tofi, galu wa mtundu uja amati golodeni, wamkulu, waubweya wofiirira ngati uchi, wokonda aliyense mpaka wakuba yemwe.

Tofi anali ndi tchimo limodzi lokha, kuthothoka. Ubweya pakapeti, ubweya m'galimoto, ubweya pa zovala zakuda zimene Lorna ankavala pokakumana ndi makasitomala. Koma a Orval, chimwalirireni mkazi wawo, chimene chinkawadzutsa pabedi anali galu ameneyu. M'mawa uliwonse, kaya kugwe chipale chofewa chofika m'mawondo, ankawakokera panja, ndipo nkhalambayo inkabwerako masaya ali psuu, ikuseka.

"Adadi, taonani jekete langali," anatero Lorna tsiku lina. "Ndikupita kuofesi kapena kukaweta nkhosa?"

"Wakupatsa ulere, mwanawe. Ena ubweya umenewo amachita kugula."

"Musandiseke. Anzanga ali ndi galu wa mtundu wa pudo, nyumba zawo zili mbee. Sathothoka, ndiponso ndi wanzeru kuposa chidempete chanuchi."

"Chidempetechi chinagona kumapazi a amayi ako mpaka tsiku lomaliza. Chisiye."

Mawu amenewo akanamukwanira munthu wina. Koma Lorna anali mmodzi wa anthu aja oti akatsimikiza chinthu, makutu amangokhala okongoletsa mutu. A Orval atagonekedwa m'chipatala masabata awiri chifukwa cha opaleshoni ya chiuno, iye anatsekula chitseko cha galimoto, Tofi n'kulumphiramo yekha akugwedeza mchira, poganiza kuti ndi ulendo wa kupaki. Anapita naye kumalo osungira agalu opanda eni. Kumeneko anamufunsa kawiri ngati watsimikiza, poti ukasaina pepala lija galu salinso wako, ndipo sadzakuuza kumene wapita. Lorna anasaina. Galu wofatsa ngati uja sakhalitsa pamalo otero, Loweruka lisanafike anali atatengedwa.

A Orval anabwerako akuyendera ndodo ziwiri. Asanavule n'komwe chipewa anaitana, "Tofi!" Amene anatulukira anali galu woyera, wamiyendo italiitali, waubweya wopotana, ali ndi kansalu kofiira m'khosi.

"Tofi ali kuti?"

"Ali pabwino, adadi, kwa anthu a bwalo lalikulu. Ndi chiuno chanucho akanakugwetsani. Uyu ndi Koko, pudo weniweni. Ndapezera inuyo."

Nkhalambayo inayang'ana galu, kenako mwana wake. "Chabwino," inatero, n'kupita kuchipinda.

Lorna anatola "chabwino" ameneyo n'kuyenda naye mzinda wonse. Aliyense wofunsa ankamuuza kuti adadi azolowera, sanadandaule n'komwe. Koko naye analibe mlandu. Analidi wanzeru, ndipo nzeru zakezo zinamuuza kuti mwini wake ndi amene amamuthirira chakudya m'mbale. Ankalondola Lorna paliponse, Lorna akachoka ankagona pakhomo kumudikira. A Orval anasiya kuyenda m'mawa. Chiuno chinapola, koma iwo ankangokhala pawindo tsiku lonse, khofi akuzizirira m'manja. Lorna ankaziona, koma ankathamangitsira maso pakapeti, pamene panalibe ndi kaubweya kamodzi komwe. Alendo akamabwera, Lorna ankatenga chipeso n'kumusalaza Koko pamwamba, onse n'kuyamikira. Kupyola apo sankavutika, poti galu wosathothoka umupeserenji?

Patatha miyezi isanu, Koko anayamba kafungo. Ankadzikanda osalekeza, ndipo tsiku lina Lorna atamugwira kumsana anafuna kumuluma. Lorna anapita naye kwa Denise, mayi wometa agalu, amene anangolowetsa zala m'ubweyamo, nkhope n'kusintha.

"Mayi, galuyu anapesedwa liti komaliza?"

"Ndimamupesa ine. Komanso mtundu umenewu sathothoka."

"Anakunamizani ndani? Amathothoka bwinobwino. Kungoti ubweyawo sugwa pansi, umakodwa m'katimu n'kumangana. Inu mwakhala mukungosalaza pamwamba basi."

Denise anayatsa makina ometera. Ubweya unachoka wonse pamodzi ngati bulangete lakale, ndipo pansi pake khungu linali lofiira, la zilonda zonyowa m'khwapa ndi kuseri kwa makutu. Lorna anagwira pakamwa, manyazi atamugwira mpaka m'mafupa.

"Wakhala akumva ululu nthawi yonseyi," anatero Denise. "Sanalire, eti? Ena salira."

Lorna atafika kunyumba masana amenewo, anapeza galimoto yachilendo pakhomo. Azakhali ake, a Ardis a ku Fargo, ankalongedza katundu kumbuyo, ndipo moni wa Lorna anamuyankha ndi mutu wokha. A Orval anali atavala kale chikhoti.

"Adadi, mukupita kuti?"

"Kwa Ardis."

"Masiku angati?"

"Ndikukakhala."

"Koma ndalakwa chiyani? Simunanenepo kanthu!"

"Ndinanena kuti Tofi umusiye. Unamva?" Mawu awo anali otsika, opanda ukali, ndipo n'zimene zinamupweteka kwambiri. "Miyezi isanu ndakhala pawindo paja kudikira kuti ubwere unene kuti adadi pepani. Iwe unali kalikiliki kuonetsa alendo kapeti. Sindinatsanzikane naye n'komwe, Lorna. Amayi ako ndinatsanzikana nawo, koma iye ayi."

"Ndikamufunafuna, adadi. Mawa lomweli ndipita."

"Unasaina. Ndinaimbako foni ine, katatu. Anandikaniza mwaulemu kwambiri."

Anakwera galimoto movutikira, ndipo dzanja limene Lorna anawapatsa kuti awathandize sanaligwire. A Ardis analiza injini, n'kubwerera m'mbuyo mpaka pamsewu. Nkhalambayo sinacheuke.

Lorna anatsala pakhonde atanyamula galu wometedwa mpala, wonjenjemera ndi mphepo. Analowa, natseka chitseko, nakhala pampando wake woyera uja. Apa m'pamene analira, kulira kowawa kwa munthu wodziwa kuti palibe wina womuloza chala. Kwa miyezi isanu anthu ankasirira nyumba yake, galu wake, ndi bambo ake ofatsa osadandaula, ndipo iye ankavomera kuti zonse zili bwino. Akuluakulu sananame: chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.