Diresi la Mphindi Makumi Anayi

Telala wa pakhonde la sitolo ya nsapato anali ndi luso, koma analinso ndi nthenda yomaliza ntchito mwini wake ataima kale pakhomo. Tsono mwana wa mlongo wake anamupatsa diresi la ukwati kuti asoke. Ukwatiwo unali Loweruka teni koloko m'mawa, kutauni ina, mtunda wa makilomita mazana atatu.

Lachisanu kunacha diresi lilibe mikono.

"Bambo, basi inyamuka masana ano, ndipo ulendo wake ndi wa maola asanu ndi awiri," anatero mkazi wake akulongedza m'chikwama.

"Pitani nokha, mayi," anayankha telala, mapini ali kukamwa. "Ine ndagula tikiti ya ndege ya mawa. Mphindi makumi anayi zokha! Tiyi ndimwera kuno, kugeya ndikageyera komweko."

Mayiyo sanatsutse. Zaka makumi atatu za banja zinamuphunzitsa kuti kulangiza mwamunayu n'kuthira madzi pamsana pa bakha. Anangosolola kamtolo kena pansi pa sutikesi yakale, n'kukaponya m'chikwama.

Loweruka telala anapinda mpendero womaliza, n'kupsereza ola lathunthu pamsewu wa kubwalo la ndege. Bwalo lakelo linali kanyumba kamodzi, mabenchi awiri ndi sikelo. Kalaliki anamukweza pasikelopo ngati thumba la makala.

"Nanga ndege ili kuti?" anafunsa telala.

"Ikubwera, bambo. Yakatula kaye anthu kwina."

"Koma munalemba mphindi makumi anayi!"

"Zimenezo timayamba kuwerenga matayala akachoka pansi."

Kandegeko kanatulukira hafu pasiti naini. Kunena chilungamo, m'mwambamo kanathadi mphindi makumi anayi ndendende, ngakhale telala sanaone kalikonse. Anatsinzina njira yonse, akulapa machimo ake, kuphatikizapo nsalu zotsala za makasitomala zomwe sanabwezepo chiyambire.

Atatera anapeza udzu, mphepo ndi mlonda mmodzi. Okwera anzake anatengedwa ndi magalimoto awo, fumbi koboo!

"Achimwene, tauni ili mbali iti?"

"Kuseri kwa phiri ilo, makilomita makumi asanu," anatero mlonda. "Dikirani thirakitala ya feteleza, imadutsa cha m'ma leveni."

Munthu wotsika m'mitambo uja analowa m'tauni atakhala pamatumba, atakumbatira diresi ngati khanda. Mtima unkamuwawa zenizeni, poti mkwatibwiyo anamulera yekha pamiyendo pake.

Anafika kuholo anthu akutsuka mbale. Mkwatibwi anali pakhonde, maso ali ofiira ndi misozi ya m'mawa, atavala diresi lachikale lamikono yotukumuka, lomangidwa ndi mapini kumsana. Telala analizindikira msanga. Analisoka yekha zaka makumi atatu zapitazo, la mkazi wake.

"Amalume," anatero mkwatibwi, "ndakudikirani mpaka abusa anayamba kuyasamula."

Telala anayang'ana pansi. Mkazi wake analandira diresi latsopano lija, analikung'untha fumbi, n'kulitembenuza uku ndi uku.

"Lokongola ndithu. Tilisungire mng'ono wa mkwatibwiyu," anatero. "Mukalinyamula lero pabasi, mwina lidzafika pa nthawi yake."

Akuluakulu sanakwerepo ndege, koma anaineneratu nkhaniyi: kuthamanga sikufika.