Zala Ziwiri Pakhosi

Panali munthu wina wosoka nsapato amene ankakhala pamsika waung'ono, m'tsinde mwa chitunda. Zaka zake zinali zitapitirira makumi asanu. Tsiku lina anagwa pabenchi yake, singano ili m'manja, ndipo anamutengera kuchipatala panjinga.

Dokotala anati: "Bambo, mtima wanu watopa. Muuphunzitse pang'onopang'ono, ngati ng'ombe yongoyamba kumene goli. Muzithamanga, koma muziwerenga. Zala ziwiri pakhosi, maso pawotchi. Mtima ukagunda kupitirira 130 pa mphindi imodzi, yendani."

Munthuyo anamvera. Anagula kawotchi kapulasitiki. M'mawa uliwonse ankathamanga modekha, akuimba nyimbo ya kutchalitchi chapansipansi. Nyimbo ikayamba kuduka, ankaima, zala pakhosi, milomo ikuwerenga. Masiku asanu pa sabata ankathamanga m'chigwa. Loweruka lokha ankakwera chitunda, koma osapitirira pamtengo wa mango wa pakati pa njira.

Akabaza ankamuseka. "Madala, mukufuna kudzipotola khosi?"

Iye ankangomwetulira. Itatha miyezi isanu ndi itatu, mtunda umene kale unkamupumitsa katatu ankautha osaima, nyimbo ili yonse pakamwa. Anauza mkazi wake kuti, "Mayi, mwina zidzukulu ndidzaziona."

Kenako mwini sitolo wina anakonza mpikisano wothamanga wa abambo achikulire. Anati woyamba kufika pamwamba pa chitunda, mpingo wake udzalandira malata makumi anayi. Tchalitchi cha wosoka nsapato uja chinali chaudzu, ndipo mvula ikagwa ana ankakhala m'matope.

Mkulu wa mpingo, a Kambalame, anafika pabenchi paja.

"Achimwene, Mulungu anakuchiritsirani tsiku limeneli."

"Ine ndimathera pamango, akuluakulu."

"Manambala n'za kuchipatala izo. Ife timayendera chikhulupiriro."

Munthuyo anayang'ana nsapato imene inali pabondo pake. Mpingo umenewu ndi umene unaika bambo ake m'manda. Akanaukana bwanji?

Tsikulo dzuwa linaswa mtengo. Pofika pamango, patsogolo pake panali munthu mmodzi yekha. Anayesa nyimbo ija, koma siinatuluke. Anachepetsa liwiro, naika zala ziwiri pakhosi. Theka la mphindi lisanathe anali atawerenga kale 90. Anadziwa.

Amayi a mpingo anali ndandanda m'mbali mwa msewu, akululutira, akukupiza zitenje. A Kambalame anabwera pambali pake, jekete lili paphewa.

"Chotsani dzanja pakhosipo! Mvula ili pafupi, achimwene!"

Munthuyo anaona mkazi wake pakati pa amayiwo. Ndi yekhayo amene anali chete. Anaonanso ana aja a m'matope akudumphadumpha, akutchula dzina lake. Anachotsa zala pakhosi, nathamanga.

Anafika woyamba. Anthu anamunyamula m'mwamba, akuimba, akuvina naye. Anatsika naye chitunda chonse mpaka pamsika, ndipo panalibe ndi mmodzi yemwe amene anaona kuti mutu wake ukungolendewera.

Pamaliro ake, a Kambalame analalikira kuti malemu anamaliza bwino liwiro lawo. Anthu anavomera kuti ameni. Sabata yotsatira anakhoma malata. Kawotchi kaja anapatsa mwana wa malemu, ndipo kakuyendabe mpaka lero.

Abale, tanthauzo lake silovuta. Mulungu anaika mwa munthu aliyense mawu omuuza polekezera, ndipo amene amawamva ndi mwini wake yekha. Oima m'mbali mwa msewu satuluka thukuta. Mtima umene ukung'ambika si wawo. Ukamva m'kati mwako kuti ima, ima, ngakhale mpingo wonse ukululutira.

Koma fanizoli si la wakufayo, iye anagona. Ndi la inu amoyo, amene mumatenga chofuna chanu n'kuchiveka jekete, n'kuchitcha chikhulupiriro. Munthu akakuuzani kuti ndimathera pamango, akukuuzani zimene Mlengi wake anamuuza. Inu ndinu yani kuti mumuchotse dzanja pakhosi?

Denga lija silidontha. Mvula ikagwa, mpingo umaimba mouma bwino. Koma mayi wamasiye uja salowamo. Amapemphera panja, pansi pa zenera, akunyowa.