Swichi Yokwezedwa Popanda Kufuula

Panali munthu wina ku Luchenza amene ankaika mawaya a magetsi m'nyumba za anthu. Anali ndi antchito atatu. Mmodzi wa iwo anali mlamu wake, mchimwene wa mkazi wake, munthu wa imvi ndi waluso.

Pa ntchitoyo panali lamulo: wofuna kukweza swichi yaikulu ayambe wafuula kuti, "Ndikuyatsa!" ndipo adikire kufikira aliyense atayankha.

Tsiku lina mlamu uja anakweza swichi osafuula. Palibe anavulala. Mwini ntchito anaona, anatsegula pakamwa, nkutsekanso. Munthu amene anakupatsa mkazi umamudzudzula bwanji?

Anati ndinena madzulo. Madzulo atafika anati mawa. Kunyumba ankakhala pansi nkunyamukanso, kukagwiragwira njinga yomwe inalibe vuto.

"Mwatani kodi, abambo?" anafunsa mkazi wake.

"Palibe."

Mlamu anachitanso kachiwiri, kachitatu. Swichi ikangoti khethe, mwini ntchito ankawerenga anthu ake ndi maso. Akaona kuti onse alipo, ankameza mawu.

Kenaka anapeza ntchito pa chigayo chatsopano. Wantchito wake Likoswe, bambo wa ana asanu, anali pa makwerero akulumikiza mawaya kudenga. Mnzake Namakhwa anafika pa swichi nkuikweza osafuula. Likoswe anakuwa kamodzi, nagwa, dzanja lamanja litapsa.

Mwini ntchito anabangula. "Namakhwa, choka! Ndisakuonenso pa ntchito yanga!"

Namakhwa anaika zida pansi.

"Ndipita, bwana. Koma alamu anuwa anakweza katatu konse osafuula, inu muli chiimire mukuyang'ana. Ine ndimayesa lamulo lija linatha."

Mwini ntchito anatembenukira mlamu wake. Mkuluyo anati, "Alamu, mukanandiuza tsiku loyamba lija, ndikanamva. Ndine mwana ine?"

Mwini ntchito anamunyamula Likoswe kupita naye kuchipatala. Munthuyo anachira, koma zala zake sizinagwirenso waya.

Inu amene muli ndi anthu pansi panu, imvani. Cholakwa chaching'ono chimafuna mawu ochepa, onenedwa pambali, tsiku lomwelo, kaya wolakwayo ndi mlamu wanu kaya ndi wamkulu kwa inu. Mukakhala chete mwaphunzitsa, pakuti enawo akuyang'ana nkhope yanu. Ndipo manyazi amene mukuthawa lero, wina adzawalipira ndi dzanja lodyetsera ana ake.