Chitseko cha Bafa ya a Velayudhan

"Agogo, chipinda chaching'ono chingadule bwanji kuposa chachikulu?"

Anafunsa choncho Kuttimalu, mdzukulu wa a Velayudhan, m'mawa wina ku Palakkad atamva mtengo umene a Ouseph anatchula. A Ouseph anali neba wa kuseri kwa mpanda, mmisiri woyala matailosi amene manja ake anakhakhala ndi simenti. Chaka chatha anayala pabalaza ponse pa marupi zikwi zisanu ndi chimodzi. Lero kabafa koti munthu akatambasula manja akhudza makoma onse awiri ankakafunira zikwi zisanu ndi zinayi.

A Velayudhan anagwira ntchito yoyendera matikiti m'mabasi zaka makumi atatu, ndipo anapuma ali ndi chikhulupiriro choti munthu aliyense amafuna kukwera ulere. Funso la mwanayo linawatsekemera.

"Mwamva, achimwene? Ngakhale mwana waona."

A Ouseph anaseka n'kuwakokera ku bafa. "Pabalaza ndimangoyala ngati mphasa. Muno taonani. Mtondo wa chimbudziwu ndi womangirira, suchoka. Apa mwendo wa sinki, apa paipi, apo kabowo kotulukira madzi. Chilichonse ndiyambe ndachijambula pa katoni, ndidule katoniyo, ikakhala bwino ndiye ndidule tailosi. Matailosi akalewa ndigumule kaye, kenako pansi ndipendeketse pang'ono kuti madzi adziwe kwawo. Simukulipira kukula kwa chipinda, mukulipira kudula."

"Zonsezo ndikuzidziwa kale. Ndinakuonererani masiku atatu mukuyala pabalaza."

"Inunso munakwera basi zaka makumi atatu. Munaiyendetsapo?"

Mawu amenewo ndiwo anaumitsa khosi la a Velayudhan.

Chofulumizitsa ntchito chinalipo. Lamlungu kunkabwera akuchimuna kudzaona Ambili, mwana wawo wotsiriza. Mnyamatayo Ambili anali atamufuna kale, koma mawu omaliza anali a azakhali ake a mnyamatayo, mayi amene ankati ukhondo wa nyumba suoneka pabalaza. Ankapempha kokasamba m'manja tiyi asanafike n'komwe, ndipo zikumveka kuti mabanja awiri anathera ku bafa komweko.

"Bambo a Ambili, aperekeni marupiwo, mwana akwatiwe," anatero mkazi wawo, mayi Thankamani.

"Mayi, zikwi zisanu ndi zinayi si masamba a nthochi."

Lachitatu a Velayudhan, ataganiza zoyala okha, anakagula matailosi akuluakulu onyezimira ngati galasi, thumba la simenti yomatira youma msanga, n'kubwereka chodulira kusitoloko. Lachinayi kutacha analowa m'bafa, anapinda nsalu yawo m'mawondo, n'kutseka chitseko. Chitsekocho chinkatsegukira mkati, choncho kuti ayale kuseri kwake panafunikadi kuchitseka. Komanso, tinene zoona, sankafuna maso a munthu. Zogumula akale anaziona ngati kutaya thukuta: anangopaka simenti yochindikala pamwamba pake, kuyambira pakhomo n'kumabwerera chakumbuyo.

Poyamba zinayenda ngati basi ya pamsewu watsopano, mpaka anayamba kuimba mluzu. Mluzu unatha atafika pa mtondo wa chimbudzi. Pamenepo palibe chowongoka, ponse ndi pokhota. Anayeza ndi maso, tailosi inasweka. Anayeza ndi chala, inasweka. Yachitatu inalowa, koma m'mphepete mwake munali ngati buledi woluma khoswe. Mipatayo anaitseka ndi simenti, akudziuza kuti azakhali amenewo sabwera ndi tochi.

Dzuwa litapendeka, fungo la nsomba ya tsabola linalowera pakazenera, mimba n'kuyamba kudandaula. Anasamba m'manja, anakoka chitseko. Chinasuntha pang'ono ngati chala chimodzi, n'kuima nji. Anakokanso. Atayang'ana pansi anaona kuti matailosi atsopano akwera kuposa m'munsi mwa chitseko, ndipo simenti ya m'mawa ija yauma gwa.

Anakhala pa mtondo kanthawi ndithu. Munthu wamkulu safulumira kuitana.

"Mayi a Ambili, muli pafupi?"

"Ndili pano. Mpunga ukuzizira."

"Takankhani chitsekochi pang'ono."

Anakankha mayiwo, anakankha Ambili, osatheka. Ambili anayamba ndi kuseka, koma atawerenga masiku otsala kuseka kunasanduka misozi. Misoziyo a Velayudhan anaimva kuseri kwa thabwa, ndipo inawalasa kuposa njala.

"Kawaitaneni a Ouseph," anatero chapansipansi.

Posakhalitsa makwerero anagunda khoma kunja, nkhope ya a Ouseph n'kuonekera pakazenera.

"Odi m'nyumba muno. Bwana, mwakwera basi yopanda khomo. Tikiti muli nayo?"

"Sekani, achimwene, lero ndi tsiku lanu."

"Ndiseka ndithu. Koma musanatuluke, tathirani ndowa ya madzi pansipo."

Anathira. Madzi anakazemba kabowo kawo ngati sakukadziwa, anathamangira pakhomo, n'kutsikira kunsi kwa chitseko. Kunja kunamveka mayi Thankamani akudumpha n'kutchula dzina la mwamuna wawo lonse lathunthu, chinthu chimene sanachitepo chikwatiwire. Apo ngakhale wotsekeredwayo anaphulika kuseka.

A Ouseph anaponyera mkati nyundo ndi tchizulo. "Swani awiri a pakhomowo mutuluke mukadye. Mtengo wanga ndi womwe uja, sindiwonjeza. Koma kugumula mugumula ndinu, atsopano ndi akale omwe."

Lachisanu ndi Loweruka anthu awiriwo anaswera m'kabafamo. A Ouseph anabweretsa matailosi ang'onoang'ono okhakhala, oti mwendo wonyowa usaterere. A Velayudhan anagumula mpaka manja matuza, kenako anapatsidwa lumo kuti azidula makatoni. Anaona mnzawo akuzunguliza katoni pa mtondo, akuchepetsa, akuyezanso, ola lathunthu kuthera pa tailosi imodzi. Itakhala m'malo mwake, mpata wotsala sukanalowa ndi njere ya mpunga yomwe. A Velayudhan anaika lumo pansi. Anangopita kukhitchini n'kukawatengera tiyi ndi manja awo.

Lamlungu azakhali aja anapempha kokasamba m'manja. Nyumba yonse inamvetsera. Kunamveka ndowa ikukhuthulidwa, kenako madzi akumira m'kabowo mwaulemu. Anatuluka mapazi ali ouma.

"Wayala m'bafamo ndani?"

A Velayudhan anatsegula pakamwa, kenako anayang'ana matuza a m'manja mwawo. "Neba wanga, mayi. Ine ndinkangodula makatoni."

Nthochi zokazinga zisanathe m'mbale, anali atayamba kukambirana za tsiku la ukwati. Akuluakulu sananame pamene anati ndadziwa kale anamanga nyumba yopanda khomo. Mwayi wa a Velayudhan unali woti yawo inali ndi kazenera, ndi neba wa makwerero.

Alendo atapita, awiriwo anakumana pampanda.

"Achimwene, nkhani ya chitseko ija isafike kogulitsa tiyi."

"Ukwati usanachitike, pakamwa panga mpomata ndi simenti. Ukangotha, ndikaifotokoza yonse, ndi mluzu womwe."

"Chabwino. Koma tsamba loyamba la nthochi lodyerapo paphwando lidzayalidwa patsogolo panu, ndipo mpunga ndidzakugawirani ndekha."

Anagwirana chanza pamwamba pa mpanda, a Velayudhan akukwinya nkhope chifukwa cha matuza.